A Pepani ndi Njinga za M'katoni

Mu msewu wathu munali bambo wina amene ankapepesa anthu maliro a njinga, njingayo ikadali yatsopano, mapulasitiki asanachotsedwe n'komwe. Ukangotulukira pakhomo pa shopu yawo ukukankha njinga yoitanitsa pa foni, yobwera m'katoni ija, iwo ankaika sipanala pansi, kudzuka pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lawo lovuta, kuvula chipewa n'kuchigwirizira pamtima. Kenako, ndi nkhope ya munthu amene walandira uthenga woipa, ankati, "Pepani. Zachitika liti?" Dzina linachokera pamenepo. Lenileni analinalo, linali pa chiphaso, koma ngakhale adzukulu a mng'ono wawo ankangoti agogo a Pepani.

Shopu yawo yokonzera njinga inali kachipinda kamodzi, pakati pa wometa ndi wosoka nsapato. Pakhomo panali beseni la madzi akuda loyeseramo machubu, pampu yomangirira ku mzati ndi waya, ndi mpando umene mwendo wake wachinayi unali chitini cha penti. Khoma lakumanja linali la zida, chida chilichonse pa msomali wake, ndipo wobwereka pulayala osaibweza pamalo pake ankamva mbiri ya makolo ake. Khoma lakumanzere ankalitchula kuti mochale. Pamenepo ankapachika njinga za m'katoni zimene eni ake anazitaya mtima, zofiira, zachikasu, zonyezimira kuposa njinga iliyonse yoyenda mu msewu wathu. Mlendo akaziyamikira, iwo ankapukusa mutu n'kunena kuti zonsezo zinamwalira zili makanda, palibe inaonako chaka chachiwiri.

Makutu awo anali ena ake. Njinga ikamadutsa kumbuyo kwawo, osatembenuka n'komwe, ankatchula mwini wake ndi matenda ake omwe. Ankati uyo ndi wogulitsa mkaka, sipoko zitatu zamasuka, abwera Lachinayi. Lachinayi wamkaka ankabweradi, tayala litapindika, atakwiya ngati a Pepani ndiwo anamulodza.

Mdani wawo wamkulu anali galimoto yoyera yobweretsa makatoni. Ikangokhota kulowa mu msewu wathu, ankaimirira chipewa chili m'manja, mutu uli chowerama, mpaka itadutsa. Dalaivala wake poyamba ankaona ngati ndi ulemu wa achikulire, ankaliza hutala ndi kukweza dzanja. Tsiku lina wometa anamufotokozera kuti bamboyo amaiona galimotoyo ngati yonyamula maliro. Kuyambira pamenepo dalaivala uja anayamba kudzera njira yakuseri, yamaenje, ngakhale inali yotalika kawiri.

Aphunzitsi a masamu ndiwo anavutika kwambiri. Anabwera ndi yawo ya buluu, yamasipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo, akuti angopoperako mpweya, koma aliyense anaona kuti abwera kudzaionetsa. Atalandira chipepeso chawo anakwiya, nayamba kuwerengera a Pepani ubwino wa njingayo.

"Ili ndi magiya makumi awiri ndi limodzi."

"Amene amalowa ndi angati?"

Aphunzitsi anayang'ana kumwamba. "Awiri. Lachiwirilo limalowa likafuna."

A Pepani anafinya buleki ndi zala ziwiri, chogwirira chake chinapita mpaka kukagunda handulo, tayala likuzungulirabe mosatekeseka. Anati buleki imeneyo ndi yoleredwa bwino: imapempha tayala kuti liime, tayala likakana imangolisiya, siikonda mikangano. Aphunzitsi anachoka osatsazika. Patatha milungu itatu ya buluu inali pa khoma lakumanzere.

Musaganize kuti ankadana ndi anthu osauka kapena zinthu zotchipa. Njinga zakale zogwiritsidwa kale ntchito ankazikonda ngati ana awo, ndipo munthu wa m'thumba mopepuka ankamupezera imodzi yolimba, yoipa nkhope koma yomvera. Chimene chinkawapweteka n'chakuti opanga za m'katoni, m'mawu awo, nzeru zonse anathera pa penti. Ndipo ankazikonzabe zikabwera, akung'ung'udza kuyambira pa nati yoyamba mpaka yomaliza.

Nthabwala imodzi yokha ndi imene sankaiyankha. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, telala, mayi wamkulu ndithu, wosalankhulalankhula, wa dzino lakutsogolo lobenthuka pang'ono. Tsiku lililonse cha m'ma teni ankabwera ndi fulasiki ya tiyi kuchokera misewu itatu kutsidya, wapansi. Anthu ankati taonani mwana wa dokotala wa njinga akutha nsapato. A Pepani, amene pakamwa pawo sipankagona mawu, ankangowerama n'kuyamba kufunafuna nati m'chitini.

Ine nkhani yanga ndi iwo inayamba ndi bodza, ndipo sindichita nalo manyazi, linali bodza lofunika. Ndinali nditakolopa pa chipatala chaching'ono chakumtunda kwa msewu wathu zaka khumi ndi chimodzi. A Pepani ankanditchula kuti adokotala kuyambira tsiku limene anandiona ndi mopu. Ndiye kunatuluka ntchito yoyendera odwala m'makomo, kuwaperekera mankhwala ndi kuona ngati akumwa. Odwala ambiriwo ndinkawadziwa, ana awo ndinkawadziwa, ndi agalu awo omwe. Ntchitoyo inali yanga, ndinkaimva m'mafupa. Mafunso onse ndinayankha bwino, mpaka asisita oyang'anira chipatala anafunsa lomaliza akutseka kale faelo, ngati ndimatha kupalasa njinga.

"Limenelonso ndi funso, asisita?" ndinatero, ndikuseka.

Anasekanso, nati chabwino, Lolemba la pakatha milungu itatu ndidzazungulire bwalo la chipatala ndi bokosi la mankhwala kumbuyo, angoona, ndi lamulo chabe. Ndinatuluka ndikuwerenga masiku. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo chishalo cha njinga ndinali ndisanachikhalepo chibadwire. Kwathu njinga inali imodzi, ya bambo, ndipo oikhudza anali alongo anga okha.

Munthu wanzeru akanapita kwa a Pepani tsiku lomwelo. Koma kupita kwa a Pepani kunali kuuza wometa, ndipo kuuza wometa kunali kuuza asisita. Ndinatenga foni. Pa chithunzi panali njinga yofiira, mayi wina akumwetulira pamwamba pake, tsitsi likuuluka, mtengo wake wotsika mochititsa chifundo. Analemba kuti saizi ndi imodzi, yokwana aliyense. Palibe anandifunsa kutalika kwanga, palibe anandifunsa ngati ndinakwerapo, ndipo n'chimene ndinaikondera. Katoni siseka munthu. Itafika ndinafuna kupempha dalaivala kuti adzere kuseri, koma anali atadzera kale.

Anandimangira ndi alamu anga, amuna a mng'ono wanga, munthu amene sanayambe wanenapo kuti sindikudziwa. Anakhuthulira zonse pabalaza. M'katoni munali kapepala ka zithunzi zokhazokha ndi kasipanala kamene kanapindika pa nati yachiwiri ngati supuni yotchipa. Kapepalako anakayang'ana kamodzi n'kukaika pansi pa kapu ya tiyi. Atamaliza panatsala manati atatu ndi kachitsulo kena kopindika, anati zimenezo ndi za sipeya, makampani abwino amatero. Anandionetsanso mmene buleki yakutsogolo inabisalira mwaukhondo kumbuyo kwa foloko, chitsulo chija chimagwira tayala lakutsogolo, nati amenewo ndiwo masitayilo a masiku ano.

Ndinkaphunzirira kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, m'mawa anthu asanachuluke. Ndikakhala pa chishalo zala zakumapazi zinkangonunkhiza pansi. Ndikati ndipite kutsogolo, njinga inkasankha yokha kumene ikufuna. Ndikati ndikhote, nsonga ya nsapato inkagunda tayala lakutsogolo, mahandulo n'kupotoka, ine uko. Ndikafinya mabuleki ankalira mokweza kwambiri, kuitana agalu a dera lonse, koma kuima ayi. Ndinagwera pa mulu wa mchenga, ndinagwera mu mpanda wa maluwa, ndinagwera pamalo popanda chilichonse chogwetsa munthu. Kuntchito ndinkavala diresi lalitali, ndipo atandifunsa za chigongono ndinati ndaterereka pokolopa, ine amene ndinakolopa zaka khumi ndi chimodzi osaterereka.

Kugwako sikunali kanthu. Chimene chinandipweteka ndi mawu amene anayamba kulankhula m'mutu mwanga: wakalamba iwe, thupi lako ndi lolemera, ana a zaka zisanu amatha, iwe mopu ndiye saizi yako. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinawakhulupirira. Ndinakhala patebulo n'kulemba kalata yopita kwa asisita, yothokoza, yonena kuti pa zifukwa za kunyumba ntchitoyo aipereke kwa wina. Ndinalira polemba, sindibisa. Ndinaipinda n'kuiika m'chikwama kuti ndikapereke Lolemba.

Njingayo ndinayesa kuibweza. Pa foni panayankha mawu a makina, akuti ndiibwezeretse m'katoni yake momwe inabwerera. Katoniyo alamu anali ataiyala kale pansi pa galimoto yawo yodontha oyilo. Ndiye Loweruka, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti tsiku loyesedwa lifike, tinanyamuka ndi alamu kukaigulitsa kwa ogula zitsulo. Njira yakuseri tinaipeza itakumbidwa, akuika mapaipi. Panalibe kwina kodzera koma pakhomo pa a Pepani.

Sipanala inaikidwa pansi. Bondo linalira. Chipewa chinatsika.

"Pepani, adokotala. Zachitika liti?"

Wometa anatuluka ndi lumo m'manja. Ine ndinkangofuna nthaka itseguke. Koma maso a a Pepani anachoka pa njinga, anafika pa bandeji ya pachigongono panga, anatsikira ku nsapato yanga yokalikakalika kunsonga. Anavala chipewa chija mwakachetechete, nafunsa amene anamanga njingayo. Alamu anatulutsa chifuwa nati ndi iwo, ndipo sizinawatengere ola. Atafunsidwa ngati anaikwerapo, anati sanafune kuidetsa, koma iwo njinga anayamba kupalasa asanayambe kuvala nsapato.

"Ndiye tithandizeni, bambo. Kafikeni pa mtengo wa magetsi uwo, mukhote, mubwere."

Alamu anakwera mwa sitayilo, mwendo kuuponya m'mwamba. Popita anapita, ngakhale njinga inkagwedeza mutu ngati ikukana mlandu. Pokhota ndiye panali nkhani. Nsapato inagunda tayala, mahandulo anapotoka, alamu anawongola mwamphamvu, njinga inabwerera kuno ikuthamanga, mabuleki akulira. Wosoka nsapato anakweza miyendo. Alamu anatsikira m'beseni la machubu, chokhala, madzi akuda mpaka pa malaya a wometa. Anadzuka akutukwana. Anatukwana njinga, anatukwana fakitale, anatukwana amene anajambula kapepala kaja, anaimenya theche njingayo mpaka belu linagwa.

Msewu wonse unali gada ndi kuseka, koma a Pepani sanaseke. Anandiyandikira, nalankhula motsitsa kuti wometa asamve.

"Mwawamva alamu anuwa? Agwa kamodzi, atukwana njinga mpaka agogo ake. Inu mwagwa kangati?"

"Sindinawerenge."

"Munatukwana ndani?"

Dzanja langa linali pa chikwama, pamene panali kalata paja.

"Ndi zimenezo," anatero. "Wodziwa akakwera njinga yoipa amadziwa kuti yoipa ndi njinga, chifukwa anakwerapo yabwino. Wophunzira alibe poyerekezera. Amati woipa ndine, n'kusiya. Ndipo akasiya amasiyiratu, adokotala. Ine sindipepesa chitsulo ayi."

Kenako anaitana alamu, akudontha choncho, n'kuwaonetsa masitayilo awo a masiku ano. Foloko alamuwo anaimanga chotembenuza. Tayala lakutsogolo, m'malo motsogola, linabwerera m'mbuyo kudzakhala pansi pa mapazi a wokwera, ndiye chifukwa chake linkamenyana ndi nsapato. Anati njinga imeneyo theka lake limafuna kupita kutsogolo, theka lina limafuna kubwerera m'katoni, ndipo ngakhale wa masewera a njinga sakanaiyendetsa. Manati a sipeya aja anawapezera kwawo, limodzilimodzi, ndipo kachitsulo kopindika kaja kanali kogwira waya wa buleki. Alamu anati kapepalako ndiye kanali kolakwika. A Pepani anavomera kuti n'zoona, kapepala kamene kali pansi pa kapu ya tiyi sikathandiza munthu.

Ndinafunsa ngati ingakonzeke. Foloko anaitembenuza pa mphindi zochepa, koma anazunguza tayala n'kundionetsa mmene linkavinira, anapinda chitsulo cha buleki ndi chala chimodzi, kenako anandiimika pambali pa njingayo, chishalo chikundifika m'nthiti. Anati kuyenda atha kuiyendetsa, kwa mwezi umodzi kapena iwiri, koma kuti indikwane sangathe, pakuti katoni siyeza miyendo ya munthu. Pamenepo ndinawauza zonse, za bodza langa, za Lolemba, ndi za kalata. Anati ndiwapatse kalatayo. Anaiika m'chitini cha manati n'kutsekapo, akuti aisunga masiku asanu ndi anayi, ndikaifunabe ndidzaitenge.

Analowa kuseri kwa nsalu imene inkatchinga kumapeto kwa shopu, natulutsa njinga ina imene ndinali ndisanaionepo. Inali yaifupi, yobiriwira mozimiririka, yopanda giya, yopanda sipuling'i, yopandanso mapedulo. Chishalo chinali chotsika kwambiri moti nditakhala mapazi onse awiri anaponda pansi bwinobwino. Ndinadabwa kuti njinga yobisidwa chotero inalibe fumbi, tcheni chinali chonyowa ndi oyilo, ndipo matayala anali olimba ngati apopedwa m'mawa womwewo.

Ndinapempha kuti tikaphunzirire kuseri kwa nyumba ya katundu. Anakana. Anati kobisala ndakhalako sabata yathunthu, ndapezako chiyani. Ndiye ndinaphunzirira pa msewu wathu, dzuwa likuswa mtengo, nthawi yanga yopuma, makasitomala a wometa atatuluka ndi mitu yometedwa mbali imodzi. Phunziro lake linali losavuta mochititsa manyazi. Kankhani ndi mapazi, kwezani mapazi, yang'anani mtengo wa magetsi, tayala musaliyang'ane silikupita kwina. Finyani buleki. Nditafinya koyamba njinga inaima, pomwepo, mwakachetechete, ndipo ndinatsala pang'ono kuipempha kuti ibwereze. Sabata yonse ija ndinkaganiza kuti kuimitsa njinga ndi luso limene Mulungu anandimana.

Tsiku lachitatu ndinayandama kuchokera kwa wometa mpaka pa mtengo wa magetsi, mapazi ali m'mwamba. Tsiku lachisanu anamanga mapedulo. Iwo ankatsimphina pambuyo panga akulengeza kwa msewu wonse ngati wa pa wailesi, kuti adokotala adutsa wosoka nsapato, adokotala apewa nkhuku, nkhuku yathokoza. Ndinagwa kawiri, ndipo kawiri konseko ndinadziwa chimene ndalakwitsa. Tsiku limenelo mwana wawo uja anafika ndi fulasiki nthawi yake, anaima pakhomo, nayang'ana njinga yobiriwirayo nthawi yaitali. Anaika fulasiki pa mpando n'kubwerera osapereka moni. A Pepani anapita kukafuna nati m'chitini.

Lolemba asisita anandandalika ndowa zisanu pabwalo kuti ndizizungulire. Zinali ndowa zanga zomwe zokolopera, ndinkazidziwa iliyonse ndi pobooka pake. Ndinazizungulira ndi bokosi la mankhwala kumbuyo, kupita ndi kubwerera, n'kudzaima patsogolo pawo osagwedezeka. Anati zikuoneka kuti ndinayamba ndili mwana. Ndinawauza zoona, kuti ndinayamba masiku asanu ndi anayi apitawo, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi, akuti ndine wanthabwala. Kalata ija sindinakaitenge. Ndikukhulupirira kuti ikadali m'chitini.

Njinga yobiriwira ndinafuna kuigula. A Pepani anakana, akuti ili ndi mwini wake, sanabwere chabe. Anaichotsa mapedulo n'kuibweza kuseri kwa nsalu. Ya kuchipatala imene asisita anandipatsa anaiyeza pa miyendo yanga, kutsitsa apa, kumanga apo, ndipo yofiira ija anaipachika mu mochale pafupi ndi ya aphunzitsi, akuti zisasungulumwe.

Ndayenda m'makomo zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Chaka chatha, pa mndandanda wa odwala anga panatuluka dzina limene sindinalizindikire, mpaka nditafika pakhomo n'kumva mawu kuchokera m'chipinda: "Tcheni chauma, adokotala. Ndachimva muli pa mphambano." Anali a Pepani, akudwala mtima. Anali ataonda, atavala chipewa cha ulusi pabedi, koma pakamwa panali pomwe paja. Nditatsegula bokosi anafunsa ngati mapiritsi amenewonso ndi a m'katoni, ndipo nditavomera anavula chipewa n'kudzipepesa okha. Mwana wawo anali atasamutsira makina ake osokera pabalaza kuti aziwasamala, moti macheza athu onse ankayenda ndi phokoso la makina kuseri kwa khoma.

Tsiku lina masana, ndikuwerenga mapiritsi, ndinafunsa za mwini njinga yobiriwira. Anafotokoza maso ali kudenga. Kale sanali wokonza njinga, anali kalaliki. Mwana wawo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi iwo anaona njinga m'kabuku ka malonda, yofiira, yotchipa, naiitanitsa pa positi. Anaimanga okha mothamanga, monyadira, ngati alamu anga. Mwanayo anagwa sabata yathunthu. Tsiku lomaliza, pa kamtsetse, chogwirira buleki chinathyoka m'manja mwake, anakagunda khoma, dzino linabenthuka. Ndipo iwo, pamaso pa anzake onse, anamufunsa kuti anzako akutha, iwe chakuvuta n'chiyani. Patapita mwezi anatengera njingayo kwa wokonza wina, amene anawaonetsa zonse zimene zinali zolakwika. Pobwerera kunyumba anapeza mwana atanena kale kuti iye ndi njinga ayi, ndipo anali mwana wosabwereza mawu. Ukalaliki anausiya, anaphunzira ntchito ya njinga. Yobiriwirayo anamumangira iye, akuisintha pamene ankakula, akuipopa m'mawa uliwonse zaka makumi atatu.

"Munamuuza zimenezi?"

"Pepani ndauza msewu wonse, adokotala. Aphunzitsi, wamkaka, inu. Kwa iyeyu ndimasowa poyambira."

Apo n'kuti makina osokera atasiya kulira. Ine ndinazindikira mochedwa, koma iwo, amene ankamva sipoko yomasuka kutsidya kwa msewu, sindikhulupirira kuti sanamve. Anavula chipewa cha ulusi chija, kuchigwirizira pamtima, natembenukira kukhoma.

"Pepa, mwananga. Sunali iwe."

Patapita nthawi makina anayambanso kulira, pang'onopang'ono. Ndinalongedza bokosi langa n'kutuluka, ndipo njinga ndinaikankha mpaka pa mphambano chifukwa maso sankaona bwino. A Pepani anamwalira patatha milungu iwiri.

Msewu wathu ulipo, koma wasanduka msewu wamba. M'shopu muja muli wogulitsa zikuto za mafoni. Galimoto yoyera inayambiranso kudzera kutsogolo, ikuliza hutala, ndipo palibe amaimirira. Wometa anayesapo kamodzi kuvula kapusi yake, koma anachita manyazi pakati pake n'kunamizira kukanda m'mutu. Makatoni akulowa m'nyumba za anthu, ndipo pakatha milungu iwiri ndimaona eni ake akukankha njinga zonyezimira, bandeji pa chigongono, maso pansi. Ine ndimaima. Ndimayang'ana foloko, ndimafinya buleki, ndimawauza kwa wokonza wabwino wa kutsidya kwa mlatho. Chipewa ndilibe, koma ndimawasowa bambo aja mpaka kukwiya.

Lamlungu lina m'mawa ndinamva kugogoda. Pakhomo panali atelala, mwana wa a Pepani uja, atavala buluku ndi nsapato zachinsalu, atagwira njinga yobiriwira, mapedulo ake ali m'kajumbo pa handulo. Anati amva kuti ndimadziwa kaphunzitsidwe kake. Ndinafunsa ngati akufuna tipite kuseri kwa nyumba ya katundu, anati ayi, pa msewu pomwepa.

Anakhala pa chishalo, mapazi onse awiri anaponda pansi ndendende, osafunika kutsitsa kapena kukweza. Ndinawauza zomwe ndinauzidwa. Kankhani, kwezani mapazi, yang'anani mtengo wa magetsi. Anakankha, anakweza, anayandama kudutsa wosoka nsapato, kudutsa wometa, kenako anayang'ana tayala. Anagwa chammbali, mwamphamvu ndithu, fumbi koboo. Ndinathamanga ndikudziwa kuti akadzuka n'kunena kuti ine zimenezi sindingathe, zatha, ndipo palibenso wina woti apepese.

Anadzuka okha. Anasasa fumbi pa bondo, anayang'ana njingayo ili gone, naimenya theche pa tayala.

"Chinjinga chopusa."

Inali njinga yabwino kuposa zonse zimene zinayendapo mu msewu wathu, yosalakwa ngakhale pang'ono, yopopedwa zaka makumi atatu. Sindinaiikire kumbuyo. Ndinaidzutsa, ndikuseka misozi ikutsika, n'kuwagwirira handulo kuti akwerenso.